Botolo lofiira lapakhoma lija, kodi likugwira ntchito?

Amayi anzanga, mukalowa m'chipatala, m'sukulu yogonera konko kapena m'sitolo yaikulu pa Chitakale kapena pa Limbuli, mumaona botolo lofiira litapachikidwa pakhoma. Chimenecho ndi chozimitsira moto. Ambiri tikachiona mtima umakhala m'malo. Koma chida chimenechi chimatha mphamvu ngati mankhwala, ndipo chopanda wochisamalira chimangokhala chokongoletsa khoma.

Ndinaphunzira zimenezi usiku wina ndili pa ntchito pachipatala china chaching'ono. Soketi inayamba kuthetheka pafupi ndi chipinda cha ana obadwa kumene. Mlonda anathamangira botolo lija, kukanikiza, osatuluka kanthu. Chinatipulumutsa n'chakuti mnzanga ankadziwa pozimitsira magetsi a nyumba yonse, ndipo panja panali chidebe cha mchenga. Kutacha tinaona kuti botololo linali lisanayesedwe kwa zaka zingapo.

Ena sanachite mwayi ngati ife. Mu Meyi 2022, ana akhanda 11 anafa moto utabuka m'chipinda chawo pachipatala cha ku Tivaouane m'dziko la Senegal, ndipo akuluakulu anati gwero lake linali mawaya a magetsi. Mu Ogasiti 2023, anthu 76 anafa pa moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Ambiri anasowa potulukira. Kwathu konkuno, mu 2018 moto unawononga nyumba zina za chipatala cha boma cha Mangochi. Galimoto yozimitsa moto ikachokera ku Blantyre singafike ku Muloza ola lisanathe, pomwe moto umadzaza chipinda ndi utsi m'mphindi zochepa. Choncho chida chomwe chili pakhomapo ndiye thandizo lathu loyamba.

Nanga zida zimenezi zimawonongeka bwanji chikhalirecho osazigwiritsa ntchito? M'botolo muli mpweya wopanikizidwa womwe umakankha mankhwala kuti atuluke, ndipo mpweyawo umatha kuthawa pang'onopang'ono. Ufa wam'katimo ukakhalitsa umaumbika. Chinyezi chathu cha kuno ku Mulanje chimadyetsa dzimbiri kunsi kwa botolo, ndipo mavu amamanga zisa m'kapaipi kake. Alamu yochenjeza za utsi imakhala chete batire likatha. Makoswe amatafuna mawaya kudenga, loko amachita dzimbiri, babu la panja limapsa, ndipo kamera yoonera akuba imazima batire la sola likafooka.

Kuti muone ngati chozimitsira moto chili bwino simufunika sukulu ya zamagetsi. Yang'anani kawotchi kali pamwamba: muvi wake uyenera kuloza pobiriwira. Onani ngati kapini kotsekera kalipo ndipo chingwe chake sichinadulidwe. Werengani kapepala komatidwa pabotolo, kamene kamasonyeza tsiku limene katswiri analiyesa komaliza. Ngati papita chaka, nthawi yakwana. Botolo limene lagwiritsidwapo ntchito, ngakhale pang'ono, liyenera kukadzazidwanso. Mabotolo a mpweya wa CO2 alibe kawotchi, ndiye amafunika katswiri kuti awayeze pasikelo. Kumbukiraninso kuti madzi sazimitsira moto wa magetsi kapena wa mafuta ophikira, amangouwonjezera ngozi. Alamu ya utsi ili ndi kabatani koyesera: kakanikizeni kamodzi pamwezi.

Chitetezo cha akuba nachonso chimafuna maso. Zitsulo za pawindo ndi maloko zimateteza katundu, koma tsiku la moto zimatsekera anthu m'kati. Pamalo ogona anthu ambiri, monga hositelo ya atsikana kapena nyumba yodikirira amayi oyembekezera, pafunika khomo lachiwiri lotseguka mosavuta, lopanda makatoni kapena mabenchi otchinga, ndipo kiyi wake adziwike pomwe ali usiku uliwonse. M'chipatala timasamala koposa chifukwa mpweya wa okisijeni womwe timapatsa odwala umakoleza moto msanga.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta. Makomiti ambiri amavomera kugula chida chatsopano chifukwa chimaoneka, koma ndalama yokonzetsera imaiwalika pa bajeti. Komatu kudzazitsa botolo kamodzi pachaka n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kufoleranso nyumba, kugulanso mankhwala kapena kuyambiranso golosale yomwe munatsegula ndi ngongole ya kubanki m'khonde.

Inu amayi muli m'makomiti a zipatala, a masukulu ndi a parishi. Ena muli ndi mashopu, ena mumaphika pa misonkhano ndi pa maukwati m'holo ya tchalitchi. Safunsa anadya phula. Pa msonkhano wanu wotsatira funsani mafunso atatu awa: zida zathu zinayesedwa liti, ndani ali ndi udindo woziyang'anira, ndipo ndi angati mwa ife amene akudziwa kuzigwiritsa ntchito? Sankhani amayi awiri oti aziyendera holo, khitchini ndi hositelo mwezi uliwonse n'kumalemba m'kope zomwe apeza. Katswiri akabwera kudzayesa mabotolo, mupempheni akuonetseni kuchotsa pini, kulozetsa kapaipi patsinde pa moto ndi kukanikiza, ndipo aliyense ayeseko ndi manja ake, kuphatikizapo alonda ndi ophika.