Nkhokwe ya Maule ndi Mabwalo a Fumbi

Munthu akatsika minibasi pa msika wa Ndirande dzuŵa litapendeka, nayenda pang'ono kuloŵera ku bwalo la sukulu, adzapeza fumbi lili koboo, ana akulimbirana mpira. Ena avala nsapato, ena ali chosavala, ndipo pena mudzaona aŵiri atagaŵana nsapato za munthu mmodzi, wina yakumanja, wina yakumanzere. Pambali paima bambo wina, wenzulo ili kukamwa. Bamboyo palibe amene amamlipira. Mpira wagula yekha, ndipo Loŵeruka likafika ndiye amene amayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti alole ana awo kukaseŵera. Zomwezi mudzaziona ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri.

Tayamba ndi bambo ameneyu dala, aŵerengi, chifukwa pokamba za kulera anyamata a mpira wamiyendo ambirife timathamangira kutchula matimu akuluakulu, iye nkumuiŵala.

Timu ya Bullets, imene ochemerera ake amaitcha Maule, inabadwa mu 1967. Yasintha maina kangapo malinga ndi amene akuithandiza: inakhalapo Bata Bullets m'masiku a Kinnah Phiri, inakhalapo Bakili Bullets pamene inafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004, kenaka inaloŵa m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing. M'zaka za kampaniyi ndi m'mene timu yachisodzera ya Bullets Reserve inasanduka nkhokwe yeniyeni. Timuyi siloledwa kukwera kuloŵa mu ligi yaikulu ngakhale itapambana chotani, popeza mwana sangapikisane ndi kholo lake m'ligi imodzi. Ntchito yake ndi kuphika anyamata basi.

Kuti mphikawo ukuŵira, dziko lonse linaona mu 2022. Chaka chimenecho ndime yotsiriza ya chikho cha FDH Bank inali ya pachiŵeniŵeni: Bullets yaikulu inakumana ndi Bullets Reserve, imene inali itatulutsa matimu a mu ligi yaikulu panjira. Akuluwo ndiwo anatenga chikho, koma nkhani imene inatsala m'kamwa mwa anthu inali ya anawo. Ena mwa anyamata amene anadzera m'nkhokweyi anafika kutali. Charles Petro anapita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, timu ija inagonjetsa Real Madrid 2-1 pakwawo mu 2021. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma anatengedwa ndi TP Mazembe ya ku Congo mu 2024. Apa tiyenera kuyamikira, pakuti kale matimu athu anazoloŵera kulanda oseŵera okhwimakhwima kwa anzawo m'malo molera awo.

Komabe tifunse funso limodzi: kodi mnyamata amafika ku timu yachisodzera ali ndi zaka zingati? Kaŵirikaŵiri amakhala atayandikira zaka 17 kapena 18. Pamenepo kaimitsidwe ka mpira, kaponyedwe ndi kuthaŵa mdani anaphunzira kale, kapena analephera kale. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Zaka zimene mtengowo umawongoka, kuyambira 12 kufika 15, mwanayo amakhala m'manja mwa bambo wa wenzulo uja, pa bwalo la miyala, wopanda dokotala, nthaŵi zina atangomwa madzi okha chichokere kusukulu.

Tsono pali lamulo la bungwe la FIFA limene aphunzitsi ambiri a m'makwalala salidziŵa bwino. Woseŵera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso mgwirizano wake usanathe, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo amayenera kugaŵidwa kwa matimu onse amene anamlera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 kufika 23. Zaka zinayi zoyambirira, 12 mpaka 15, zonse pamodzi zimatenga gawo limodzi pa 100. Tiyerekeze kuti mnyamata wagulidwa pa madola 100,000: timu imene inamsunga zaka zinayi zimenezo iyenera kulandira madola 1,000. Kwa timu yaikulu ndalama imeneyi ndi yochepa, koma kwa timu ya ku Machinjiri ndi mipira, mayunifolomu ndi minibasi za nyengo yathunthu. Ndipo akagulitsidwanso kachiŵiri ndi kachitatu, gawolo limabwerabe.

Vuto lagona apa: ndalamazo zimatsata zolembedwa. Kuyambira mu 2022 FIFA imaŵerengera malipiro otere kudzera mu ofesi yake yapadera, poyang'ana mbiri ya woseŵera imene ili m'makompyuta. Ngati timu ya m'dera sinalembetsedwe ku bungwe la FAM, ndipo mwanayo sanalembedwe m'kaundula monga woseŵera wake, ndiye kuti m'maso mwa FIFA zaka zimenezo mwanayo sanali paliponse. Bambo wathu uja amangomva pa wailesi kuti mwana wake wakwera ndege, nasangalala, nabwerera ku bwalo kukasoka mpira wong'ambika.

Kulemba ana kukadathandizanso pa matenda ena amene tonse timawadziŵa koma sitikonda kuwatchula, ndiwo kuchepetsa zaka. Ine ndinaonererapo maseŵero a ana osapitirira zaka 17 pa bwalo lina mumzinda muno, ndipo wotseka kumbuyo wa timu ina anali ndi ndevu zometa m'maŵa womwewo. Anthu anaseka, koma kamnyamata kamene anakagwetsa kaŵiri konse sikanaseke. Wamkulu akamaseŵera ndi ana amaoneka katswiri, natenga malo a mwana weniweni. Akafika kunja amatha msanga, ogula nkuyamba kukayikira aliyense wochokera ku Malaŵi. Mwana amene analembedwa ali ndi zaka 12 sangabadwenso kachiŵiri akafika 19.

Anthu a ku Chilomoni akukumbukira sukulu ya mpira ya Surestream, imene inkathandizidwa ndi kampani yofufuza mafuta pa nyanja yathu. Inasonkhanitsa ana aang'ono, inawapatsa aphunzitsi ndi bwalo labwino, koma kampaniyo itasiya kuthandiza, sukuluyo inazilala. Timu ngati Bullets kapena Mighty Wanderers siingachoke mu Blantyre monga inachokera kampani ija. Nchifukwa chake ife tikuona kuti matimu aŵiriŵa ndiwo ayenera kutsika kufika ku mabwalo a fumbi: kugwirizana ndi matimu a m'madera polemba pangano, kuwathandiza kulembetsa ku FAM, kutumiza aphunzitsi awo kukaphunzira, ndi kuvomereza poyera kuti mnyamata wakutiwakuti anachokera m'manja mwa uje. Pali zimene timu yaikulu ingapindule pamenepa, pakuti lamulo la FIFA sililola mwana wosafika zaka 18 kugulitsidwa kunja kupatula pa zifukwa zoŵerengeka. Choncho mwana waluso wa ku Bangwe adzakhala muno ndithu kufikira msinkhu umenewo, ndipo timu imene inamdziŵa ali ndi zaka 12 ndiyo idzayambe kumpeza.

Za malo oseŵerera nazo nzodandaulitsa. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Bullets bwalo ku Zingwangwa, ntchito inayambika, kenaka inaima kwa zaka. Pamene akuluakulu anali kukangana za ndalama zomalizira, ana a m'deralo anapitiriza kuika miyala iŵiri pamsewu kuti ikhale golo, namaichotsa galimoto ikamabwera.