Radon-220: Mpweya Wothamangira Kufa

Suoneka. Sununkha. Umatuluka m'nthaka, m'miyala ndi m'makoma adothi, koma mphindi imodzi isanathe theka lake limakhala litapita. Dzina lake ndi radon-220, ena amati thoron. Mbiri yake ndi yododometsa.

Liwiro la kutha

Masekondi 55.6! Nthawi yokhayi, theka la maatomu ake lasweka. Masekondi enanso 55.6, theka la otsalawo nalonso lapita. Pakadutsa mphindi 9 ndi masekondi 16, pa maatomu 1,024 aliwonse yatsala imodzi. Kilogalamu yathunthu itakhala pabwalo pamene mpira ukuyamba, oyimbira pomaliza masewero a mphindi 90 sipangapezeke ngakhale atomu imodzi ya radon.

Kholo lokalamba koposa

Mwana wosakhalitsayu amachokera kwa nkhalamba yeniyeni. Gwero lake ndi thorium-232, yomwe imatenga zaka 14 biliyoni kuti theka lake lithe. Chilengedwe chonse, nyenyezi ndi milalang'amba, chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni basi. Thorium imasintha pang'onopang'ono mpaka kukhala radium-224, ndipo iyi ndiyo imabala radon-220. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Kerala m'dziko la India ndi ku Guarapari m'dziko la Brazil ndi wotchuka chifukwa cha kuchuluka kwa thorium.

Banja la osakhalitsa

Pa mitundu yonse ya radon, wokhalitsa kuposa onse ndi radon-222: theka lake limatha pa masiku 3.8. Uyu amachokera ku uranium, mwala wopezeka ku Kayelekera m'boma la Karonga. Radon-219? Masekondi 3.96. Pamene Usain Bolt ankaphwanya mbiri ya mamita 100 ku Berlin mu 2009, theka la radon-219 likanatha iye asanafike pa mamita 40. Radon-218 ndiye kuphethira kwa diso kumamuchedwera. Radon-214 sakwanitsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi.

Chipolopolo chaliwiro koma chofooka

Atomu ya radon-220 ikamasweka imalavula kanthu kakang'ono kotchedwa alpha. Liwiro lake? Makilomita oposa 17,000 pa sekondi. Kutalika konse kwa Nyanja ya Malawi kangakudutse pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi. Koma mumpweya kamayenda masentimita asanu okha n'kuima. Pepala limodzi limakatchinga. Khungu la munthu limakatchinganso. Vuto limadza kakaphulikira m'mapapo, momwe mulibe chotchinga.

Wolemera kwambiri

Lita imodzi ya radon imalemera magalamu 9.7. Lita ya mpweya umene timapuma, magalamu 1.3. Kusiyana kwake n'koposa kasanu ndi kawiri! Pa mipweya yosakonda kuphatikana ndi zinthu zina, gulu la helium, neon ndi argon, palibe wopezeka m'chilengedwe wolemera kuposa radon. Ukazizira mpaka madigiri 71 pansi pa ziro umauma, n'kuyamba kuwala wokha mwachikasu.

Woyamba kupimidwa

Chaka cha 1899, pa yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal ku Canada. Ernest Rutherford ndi Robert Owens anaona kuti thorium ikutulutsa mpweya wachilendo. Rutherford atapima anapeza kuti mphamvu yake ikutsika ndi theka pafupifupi mphindi iliyonse. Kanali koyamba padziko lonse kuti munthu apime kutha kwamtunduwu.

Mathero olemera koposa

Radon-220 ikasweka imasanduka polonium-216, yomwe theka lake limatha pa masekondi 0.145. Kenako mtovu-212, wa maola 10.6. Ulendo umathera pa mtovu-208, atomu yolemera kuposa zonse zosasweka.

Nyumba yoopsa koposa

Mu 1984 injiniya wina wa pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Limerick, ku Pennsylvania m'dziko la America, analiza makina ochenjeza za cheza choopsa polowa kuntchito. Gwero linali kwawo. M'nyumba mwake munali radon-222 wochuluka pafupifupi ka 1,000 kuposa mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza masiku ano.

Wakupha wachiwiri

Pa zoyambitsa khansa ya m'mapapo, fodya ndiye woyamba, radon wachiwiri. WHO imati pa odwala 100 aliwonse a khansayi, atatu mpaka 14 amadwala chifukwa cha radon, malinga ndi dziko. Mpweyawu umaunjikana m'migodi ndi m'zipinda zotsekeka. Chitetezo chotchipa kuposa zonse chili m'manja mwanu: tsegulani mazenera, mphepo izidutsa m'nyumba tsiku lililonse.