GALU AKAYAMBA KUTSOKOMOLA M'NYENGO YA CHISANU

Chaka ndi chaka, mwezi wa Juni ukafika ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuwomba m'zigwa za Kasungu, usiku kumamveka galu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Chifuwa chake chimakhala chouma, ndipo pomaliza amachita ngati afuna kusanza, nalavula kathovu koyera. Kukacha galu yemweyo amadya nsima yake yonse, natsagana ndi ana kudimba monga mwa masiku onse. Pakutha sabata imodzi, agalu a pakhomo loyandikana nafe amayambanso. Eni ake ambiri amangoti, "Watsamwa ndi fupa."

Kawirikawiri fupa palibe. Chimenechi ndi chifuwa chopatsirana chimene madokotala a ziweto amachitcha kennel cough. Chimadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tina totchedwa Bordetella, timene timatupitsa kholingo ndi njira ya mpweya. Galu wodwala akatsokomola kapena akamwera m'phale limodzi ndi anzake, nthendayo yafala.

Nanga n'chifukwa chiyani imakonda nyengo imeneyi? Choyamba ndi kuzizira, pakuti agalu athu amagona pabwalo pa nthaka yopanda kanthu. Chachiwiri ndi fumbi ndi utsi. Galu wothawa chisanu amadzipanikiza pafupi ndi moto m'khitchini, kapena m'zigafa momwe mwatsala fumbi la fodya, ndipo kuyambira Ogasiti utsi wa lupsa umadzaza dziko lonse. Zonsezi zimakanda pakhosi ndi kutsegulira tizilombo njira. Chachitatu, tikakolola agalu amayenda momasuka, nasonkhana ndi anzawo a m'midzi ina potsata anyamata okumba mbewa ndi osaka akalulu.

Galu amene akudya bwino, maso ake ali owala, ndiponso akusewera, amachira yekha pa sabata imodzi kufikira zitatu. Mumuyalire chiguduli pamalo opanda mphepo ndi utsi, mumupatse madzi oyera m'phale lakelake, ndipo nsima yake muifewetse ndi msuzi. Chingwe cha m'khosi muchimasule pang'ono, chifukwa chikafinya kholingo chifuwa chimakula. Musamumwetse mapiritsi athu ochepetsa ululu, pakuti angathe kumuononga m'mimba ndi chiwindi. Koma akaleka kudya, akamatuluka mamina ndi manthongo achikasu, akamapuma movutika kapena akamanjenjemera minofu, fulumirani kwa alangizi a ziweto. Mwina ndi chibayo, kapena nthenda ya distemper imene imapha tiana ta agalu tambiri.

Tsono, owerenga okondedwa, pali chinthu chimodzi chimene ndifuna muchisunge koposa zonsezi. Musapise dzanja m'kamwa mwa galu kuti muchotse fupa, ndipo muwaletse ana anu kutero. Ife timadziwa chiwewe cha galu wolusa, woluma chilichonse. Komatu chilipo china chachete, chimene chimaumitsa minofu ya pakhosi ndi nsagwada. Galu wotere amalephera kumeza, kamwa lake limangokhala yasa, dovu lili chuchuchu, kuuwa kwake kumasintha, ndipo amaoneka ndendende ngati watsamwa ndi fupa. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu, ndipo kamalowa ngakhale pa kabala kakang'ono kamene tinadzicheka ndi chikwakwa dzulo. Munthu wachifundo wofuna kuthandiza chiweto chake ndiye amene amagwa m'ngozi. Ana a sukulu, amene amakonda agalu koposa ife akulu, ndiwo osavuta kugwidwa.

Bungwe la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse pa dziko lapansi, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikaoneka mwa munthu, mankhwala ochiritsa palibe. Koma nthendayi imapeweka. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomubaya katemera m'chaka cha 1885, ndipo tsiku limene iye anamwalira, 28 Seputembala, ndilo tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe. Kuno kwathu bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri ku Blantyre m'chaka cha 2015. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa poyenda. Ife okhala pafupi ndi nkhalango ya Kasungu, kumene agalu amakumana ndi nkhandwe, tisazengereze pamene uthenga wa katemera wafika kwa amfumu.

Mwana akalumidwa, kapena malovu a galu wokayikitsa akafika pabala, tsukani pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati adwala. Galuyo mumutsekere payekha popanda kumugwira kukamwa, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto kuti amuyang'anire masiku 10.

Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mlonda wathu wa usiku akatsokomola, tiyeni timuone ngati akudya, akumeza madzi, ndiponso akutseka kamwa bwino. Ngati zili choncho, chiguduli ndi msuzi zikwanira. Ngati sizili choncho, manja athu ndi a ana athu akhale kutali, ndipo tiitane odziwa ntchito yawo.