Pulasitiki Imene Munataya Manje ni Cikwama

Mukagula buledi na tomato pa kantemba, pulasitiki mumaicita ciani mukafika kunyumba? Osanama. Ambili a ife timaiponya mu dreni, mvula ikagwa madzi yalowa m'nyumba, ndiye tiyamba kutukwana a kanso. Koma ku Ng'ombe komboni, pafupi na Roma, kuli azimai amene pulasitiki imeneyo amadyela nsima.

Malo awo ni Chikumbuso. Anayamba mu 2005, pamene mai wa ku America, Linda Wilkinson, anagwilizana na azimai amasiye a mu komboni. Cosekesa n'cakuti nyumba imene amakumanamo kale inali bala, mumene amuna anali kusiya ndalama za unga. Lelo muli sukulu ya ana amasiye na makina osokela.

Kumbukilani mmene zaka izo zinalili. AIDS inali kutenga anthu mlungu uliwonse, ma ARV aulele anali atangoyamba kufika m'makiliniki, ndipo ambili anali kuopa olo kupimisa. Mwamuna akamwalila, mkazi anali kutsala na ana, nthawi zina na matenda, na anthu omuloza zala pa pompi. Maliro yakalibe kusila, abululu a mwamuna abwela na vani kutenga mipando, firiji, mpaka mapoto. Mai amene anapita mu zimenezi mukamupasa nchito, mumaona manja mmene yathamangila.

Nchito yake ioneka yapafupi mpaka muiyese. Pulasitiki aiyala bwino, aidula tumizele, alumikiza tumizele tuja mpaka tukhale monga ulusi wautali, akulunga cimpila, ndiye ayamba kuluka na kroshe. Pulasitiki siimvela monga wulu. Imatelela, imatentha zala, ndipo ukakoka maningi iduka. Cikwama cimodzi cidya masiku. Mitundu ni imene ionesa luso la munthu: uyu aika yofiila pakati pa yakuda, uja asakaniza yoyela na yayelo mpaka ungaganize ni citenge. Alendo amagula, vina vipita mpaka ku America. Ine nikaona mtsikana wa mu tauni anyada na cikwama ca feki ca ku Kamwala, koma ici ca ku Ng'ombe acinyoza ati ni ca mapulasitiki, mutu umanibaba.

Manje mvelani apa, cifukwa kuluka kokha sikubweza nyumba yolandidwa. Azimai akakhala pamodzi tsiku lonse, kamwa siikhala cete. Wina auza mnzake kuti mankhwala osalumpha, wina apelekeza mnzake ku kiliniki, wina afunsa za malamulo. Ndipo lamulo lilipo, kucokela mu 1989: Intestate Succession Act. Munthu akafa osasiya wilu, ana atenga 50 peresenti ya cuma, mkazi olo mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo 10 ipita kwa ena amene anali kusungiwa na malemu. Nyumba ni ya mkazi na ana, ndipo mkazi ali na ufulu wokhalamo mpaka atakwatiwanso. Amalume amene asankhiwa kukhala administrator nchito yawo ni kugaba, osati kusamukilamo. Akalanda, ni mlandu.

Zaka zoposa 30 lamulo lili m'buku, koma pitani pa maliro mu Chawama olo mu Kanyama, muzamvabe wina afunsa makiyi ya nyumba mtembo ukali ku mocale. Cimene cimawalimbisa ni cakuti wamasiye ali yekha ndipo alibe olo ya basi yopitila ku polisi. Mai amene wagulisa vikwama viwili ali nayo ya basi, alinso na anzake omupelekeza ku Victim Support Unit, ku YWCA olo ku National Legal Aid Clinic for Women.

Imwe anyamata, nkhani iyi isakupiteni ati ni ya azimai. Tsiku lina ni amai anu azaimilila pakhomo, atate anu aang'ono ali m'kati awelenga mipando. Muzakamba ciani? Sungani manambala aja mu foni: 50, 20, 20, 10. Ndipo Loweluka mukalandila ka cenji, kwelani basi ya ku Ng'ombe, mufunse anthu kuti Chikumbuso ili pati. Mukaone vikwama na maso yanu, mugwile cimodzi, mucikoke ngati cizang'ambika.