Ngongole ya zaka khumi, miyezi itatu yokha yoitsutsira

Boma likasowa ndalama silithamangira kunja kokha. Limabwerekanso m'dziko momwe muno pogulitsa zikalata za ngongole kudzera ku banki yaikulu ya Reserve. Zina limabweza pakatha masiku 91, 182 kapena 364, zina pakatha zaka ziwiri mpaka khumi. Ogula ambiri ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi osunga ndalama za penshoni. Koma wobweza ndi mayi wogulitsa nandolo pamsika wa Nkando, yemwe amalipira msonkho nthawi iliyonse akagula mayunitsi a foni.

Gawo 180 la malamulo oyendetsera dziko lino limati boma lisatenge ngongole popanda lamulo lochokera ku Nyumba ya Malamulo. Nanga likalumpha ndondomeko, nzika ingatani? Ikhoza kupempha bwalo lalikulu la milandu kuti liunike chiganizocho. Koma malamulo a bwaloli a 2017 amati pempho lotere lifike msanga, isanathe miyezi itatu. Wochedwa amadalira chifundo cha woweruza kuti amuonjezere nthawi.

Malirewa ali n'chifukwa chake. Palibe angabwereke boma ndalama akudziwa kuti mgwirizano ungathetsedwe patatha zaka zisanu, ndipo wolimba mtima angafune chiwongoladzanja chokwera. Zina mwa ndalamazo ndi penshoni za ogwira ntchito m'minda ya tiyi kuno ku Mulanje.

Vuto ndi lakuti masiku amayamba kuwerengedwa anthu asanamve kanthu. Zotsatira za malondawa zimatuluka m'Chingerezi cha akatswiri azachuma. Kuti munthu wa ku Nkando amve, apeze loya ndi ndalama yokwerera minibasi mumsewu wa Midima mpaka kukhoti ku Chichiri, chikalata cha masiku 91 chimakhala chabwezedwa kale.

Anzathu a kutsidya kwa Muloza anaziona. Mu 2013 kampani ya boma la Mozambique ya Ematum idatenga ngongole ya madola 850 miliyoni, boma n'kuikira kumbuyo aphungu asanavomereze. Mabungwe adasonkhanitsa masiginecha a nzika n'kukadandaula, ndipo mu June 2019 bwalo loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti ngongoleyo idali yosaloledwa. Koma padali patadutsa pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chomwecho boma lidagwirizana ndi eni ngongole za zikalata zatsopano za madola 900 miliyoni, zodzatha kubwezedwa mu 2031. Madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake tisamadikire kukhoti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo nduna ya zachuma ingafunsidwe. Unduna uzilengeza pawailesi, m'Chichewa ndi m'zinenero zina, kuchuluka kwa zimene ukufuna kubwereka, ntchito yake ndi chiwongoladzanja chake, malonda asanachitike. Aphungu athu a ku Mulanje azifunsa mafunsowa bajeti ikamakambidwa, chifukwa miyezi itatu ija ikatha chotsala n'kulipira basi.