Mmene Ndinasiyira Kuvina pa Benchi

Lamlungu lapitali ndinakhala pa benchi la m'tchalitchi maola atatu athunthu. Ulaliki unatalika, makwaya anayi anaimba, kenako panabwera nkhani ya ndalama zomangira mpanda, ine ndili phee ngati chitsa. Amayi a kunyumba anandisuzumira kuchokera kumbali ya azimayi, ine n'kuwatsinzinira diso, ndipo anabisa nkhope m'chitenje kuti abusa asawaone akuseka. Amene sanadwalepo nthenda yangayi sadziwa kukoma kwa kukhala pansi osasuntha.

Ndine telala. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakalambira muno mu Ng'ombe, komboni yathu yomwe yatsamira mipanda ya anthu olemera a m'dera la Roma. Ndimasokera pakhonde la shopu ina pafupi ndi msika, ndipo ntchito yanga mapazi amapalasa, manja amaongola nsalu, koma katundu yense amasenza ndi matako. Amenewo akakuukira, ntchito yatha.

Anandiukira mu Okutobala wa 2024. Mukukumbukira chaka chimenecho: mvula inali itakana, madzi a m'damu la Kariba atatsika, malaiti akubwera pakati pa usiku ngati mfiti n'kuchoka tambala asanalire. Malaiti akapita mapampu amagona, choncho pa mpopi pankakhala mzere wa zigubu wofika kumsewu. Madzi amene tinkapeza anali a nsima, akumwa ndi osamba pang'ono. Zofunda zinkadikira. M'nyumba yathu ya zipinda ziwiri tinalimo anthu asanu ndi awiri: ine, amayi, mwana wathu wamwamuna ndi mkazi wake, ndi adzukulu atatu amene amagona pabalaza koma mbandakucha umawapeza pabedi pa agogo awo.

Kuyabwako kunkayamba ndikangogona. Masana kunkabwera mwa apo ndi apo, thukuta likatsikira kumeneko, koma usiku kunali ngati wina walowetsa nthenga ya nkhuku pakhomo lotulukira chimbudzi n'kumaipotokola mwaulemu. Ndikakanda ndinkamva kukoma koopsa kwa kamphindi, kenako moto. Moto ukazima, nthenga ija yabwerera. M'mawa ndinkadzuka maso ali psuu, ndipo tsiku lina ndinasokerera thumba la buluku la kasitomala chadodolido.

Masana ndinaphunzira magule amene kulibe ngakhale kudambwe. Pali gule wa pampando wa makina, wosuntha ngati ukufuna ulusi umene wagwa. Pali gule wa mu minibasi yopita ku tauni, wokhalira thako limodzi uku ukuyamika mabampu a mumsewu, pamene anzako akutukwana dalaivala. Ndipo pali gule wamkulu wa m'tchalitchi, woimirira nyimbo isanayambe. Amayi ena achikulire anandiuza kuti chaka chino mzimu wandigwira kwambiri. Ndinangoti ameni.

Kuchipatala sindinapite. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, ukaime pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wako n'kumuuza kuti chiyani? Ndinasankha kudzichiritsa ndekha, ndipo apa ndi pamene ndinaonetsa luso langa lonse la uchitsiru.

Ndinaganiza kuti ndi litsiro, ndiye ndinagula sopo wamankhwala wonunkhira ngati m'wodi, n'kumatsuka katatu pa tsiku, mokhula ngati ndikutsuka mphika wa nyemba zopserera. Zitakanika ndinathira m'beseni mankhwala aja otsukira zilonda, osawasungunula mokwanira, n'kukhalamo. Ndinalumpha ngati chule, beseni n'kugubuduka, amayi panja n'kufunsa ngati m'bafa mwalowa njoka. Ndinayesa madzi otentha amchere. Ndinasiya tsabola, ine munthu amene kapenta wopanda tsabola ndimamuona ngati chilango. Pomaliza mnyamata wa pa kantemba, nditamunong'oneza kuti ndi za mnzanga, anandigulitsa kachubu ka mafuta aja amene akazi ena amadzola kuti ayere. Masiku atatu oyamba ndinagona ngati khanda, ndinatsala pang'ono kukamugulira mnyamatayo drinki. Sabata yachiwiri khungu linayamba kung'ambika, pepala likangokhudza ndinkaluma mano.

Choipa kwambiri chinali cha m'nyumba. Mwamuna amene akusamba katatu pa tsiku madzi akusowa, akubisa kachubu m'thumba la jekete, akutembenukira kukhoma usiku, mkazi wake amaganiza chiyani? Amayi anayamba kundipatsa nsima osandiyang'ana. Tsiku lina anangoti, “Abambo, ngati mwatola matenda kwinakwake, nenani tikalandire mankhwala tonse.” Ndinalumbira kutchula manda a amayi anga. Chimene sindinadziwe n'chakuti nawonso ankayabwidwa, ndipo ankaganiza kuti ndawapatsira ine.

Anatipulumutsa ndi mdzukulu wathu wa zaka zisanu ndi ziwiri. Usiku wina mu Januwale anadzuka akulira, akudzikanda kumbuyo. Agogo ake anayatsa tochi ya pafoni, n'kumugoneka chafufumimba. Ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chikwatirane. “Abambo, tabwerani muone.” Pakhungu la mwanayo panali kanthu koyera, kowonda, kotalika ngati kachidutswa ka ulusi kamene ndimadula ndikamaliza msoko. Zaka zonsezi ndagwira ulusi, koma ulusi woyenda wokha ndinali ndisanauone.

Kutacha tinali pamzere ku kiliniki yathu ya mu Ng'ombe, mwana pakati, ife m'mbali ngati tangomuperekeza. Adokotala, mnyamata wodekha wa magalasi, atamva za ulusi woyendawo sanadabwe n'komwe. Anangofunsa kuti, “Nanga m'nyumbamo winanso amene akudzikanda ndani?” Kunali zii. Ndinayang'ana denga, amayi anayang'ana pansi, mdzukulu n'kuloza chala: “Agogo aamuna amakanda usiku wonse, bedi limachita kulira.”

Anandilowetsa ndekha. Mafunso awo anali ambiri kuposa a polisi. Kodi pachimbudzi pamaoneka magazi? Pali chotupa chimene chimatuluka ndikadzithandiza? Ndaonda popanda chifukwa? Chimbudzi chasintha, mwina kumangika, mwina kutsegula kosatha? Ndimamva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi usiku? Anandibaya chala kuyeza shuga, chifukwa akuti shuga akakwera, timatenda ta pakhungu tokonda malo onyowa ndi otentha timasangalala m'makwinya a thupi. Shuga anali bwino. Kenako anavala magolovesi, ine n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati ndikuiloweza pamtima. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kusoka batani.

“Atate,” anatero akuvula magolovesi, “njoka zinayambitsa, koma amene wawononga kwambiri pano ndi inuyo.”

Anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndikubwereza monga ndinamvera, pakuti ndakhala ndikulalikira uthengawu kwa aliyense wobwera kudzachepetsa buluku. Tinjoka timeneti si zija zikuluzikulu zimene ana amatulutsa. Ndi ting'onoting'ono, takutalika ngati sentimita imodzi, timakhala m'matumbo aakulu. Usiku munthu akagona, taakazi timatuluka kudzaikira mazira masauzande pakhungu la pakhomopo, ndipo n'chimene chimayabwa. Ukakanda, mazirawo, amene maso sangawaone, amalowa m'zikhadabo. Kuchoka apo amapita pa chitumbuwa, pa chitseko, pa mbamu ya nsima, n'kubwerera m'kamwa, mwako kapena mwa mnzako. Pa zofunda ndi zovala amatha kukhala amoyo milungu iwiri kapena itatu. Tinjokati timakonda ana a sukulu ndi nyumba zothithikana, ndipo sitifunsa ngati munthu ndi mkulu wa mpingo.

Amayi atalowanso anafunsa kuti nanga bwanji kamdzukulu kakang'ono kanamwa mankhwala a njoka pa sabata ya umoyo wa ana, ija imachitika kawiri pa chaka, koma nakonso kakudzikanda. Yankho linali lophweka: pa sabata imeneyo amalandira ndi ana osafika zaka zisanu, pamene akulu ake ndi agogo ake anatsala ndi nkhokwe yonse ya mazira. Kamwanako kanachira Lolemba n'kutenganso Lachisanu.

Za sopo ndi kachubu kaja anandidzudzula mwaulemu koma mosabisa. Khungu la pamenepo ndi lofewa ngati la pamlomo. Sopo wamphamvu, kukhula ndi mankhwala a zilonda zimachotsa mafuta ake achibadwa, limauma, limang'ambika, ndipo pong'ambikapo pamayabwa kuposa poyamba. Mafuta oyeretsa aja ali ndi mankhwala amphamvu oziziritsa kutupa, n'chifukwa chake ndinagona masiku atatu, koma ukawadzola nthawi yaitali amapepusa khungu n'kutsegulira njira matenda ena. Ine ndinkathira palafini pamoto n'kumadabwa kuti sukuzima.

Mankhwala enieniwo ndinachita nawo manyazi kuwaona. Kapiritsi kamodzi ka mebendazole, kotafuna. Aliyense m'nyumba, woyabwidwa ndi wosayabwidwa, tsiku limodzi, kenako kubwereza pakatha masiku 14, chifukwa kapiritsiko kamapha njoka koma mazira sikawakhudza, ndiye uyenera kudikira oswedwa kumene. Mpongozi wathu yekha, poti anali woyembekezera, anauzidwa kuti asamwe kaye, akaonane ndi anamwino a kusikelo. Ndinawerengera mumtima ndalama zimene ndinataya pa sopo, mchere ndi kachubu. Zikanagula thumba la ufa.

Loweruka lotsatira nyumba yathu inasanduka msasa wa asilikali, mkulu wa nkhondo ali amayi. Tinalipira anyamata a wilibala kutitungira migolo iwiri. Mbaula ziwiri zinayaka, madzi anawira, zofunda, matawulo ndi makabudula am'kati zonse zinalowa m'madzi otentha. Analetsa kukung'untha mabulangete m'nyumba, kuti mazira asauluke ndi fumbi. Tinkawapinda mwaulemu ngati mbendera n'kutuluka nawo. Zitauma padzuwa, ine ndinatulutsa chida changa, simbi ya makala ya kuntchito, n'kusita chilichonse mpaka kabudula wa kamwana. Adzukulu anafola pamzere kuwengedwa zikhadabo, ine kumapeto kwa mzerewo. Lamulo linakhazikitsidwa: kusamba m'mawa, osati madzulo okha, kuti mazira a usiku apite ndi madzi, kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndi nsima isanafike, aliyense tawulo lake, ngakhale likhale chidutswa cha chitenje.

Kwa ine panali malamulo ena apadera, ndipo onse anali oti ndichepetse khama. Kumeneko madzi okha, sopo ayi. Kupukuta mogunditsa kansalu kofewa mpaka pouma, osakhula. Kupaka Vaseline pang'ono kuti thukuta lisalume pong'ambika. Makabudula a nayiloni a pa salaula, aja atatu pamtengo wa awiri, anapita kukakhala zopukutira makina. Usiku kukayabwa, kansalu konyowa ndi madzi ozizira, manja kunja kwa bulangete.

Usiku wachinayi ndinagona. Ndikunena kugona kwenikweni, kwa dovu ndi mkonono. Ndinadzuka dzuwa litalowa pazenera, ndinakhala pabedi kumvetsera thupi langa monga umamvetsera injini ya makina ukaithira mafuta, ndipo kunali chete. Khungu linatenga pafupifupi milungu itatu kuti lipole, koma m'mawa umenewo ndinaimba m'bafa mpaka aneba anagogoda khoma. Amayi anaphika nkhuku pakati pa sabata, popanda mlendo.

Tsopano ndine munthu wina. Mu minibasi ndimakhala ndi matako onse awiri n'kumatukwana mabampu pamodzi ndi anzanga. Misoko yanga yawongoka. Tsabola anabwerera pa kapenta, ngakhale ndaona kuti ndikapyola muyezo, kapena ndikatsatiza makapu a khofi, m'mawa mwake kumandikumbutsa pang'ono, ndiye timalemekezana. Zidutswa za nsalu ya thonje zimene kale ndinkataya tsopano ndimasokera makabudula am'kati otakasuka, a lamba wofewa. Ndinayamba ndi anga, koma madalaivala a minibasi, amene amakhalira mpando wotentha kuyambira mbandakucha, awazindikira ndipo amabwera kudzagula awiriawiri osafunsa zambiri.

Mwezi wathawu kunabwera mbuya wanga wa Chibemba, wokonza nsapato pakhonde loyandikana nalo, amene pa miyezi yonse ija ankandinena kuti mbewa zimene ndinadya ku Katete zayamba kufukula una. Anaima pafupi ndi makina nthawi yaitali, akusuntha mwendo uwu ndi uwo. Gule ameneyo ndinamudziwa msanga. Ananong'ona kuti ali ndi mnzake amene ali ndi kavuto, ndipo mwina ndingamugawireko kapiritsi kaja.

Ndinamufunsa ngati mnzakeyo amaona magazi pa pepala. Anati nthawi zina, makamaka chimbudzi chikauma. Ndinamuuza kuti zimenezo si za kapiritsi kanga, mwina ndi nthenda ya mudzi, mwina china, ndipo magazi sayezedwa ndi telala. Anayamba kudandaula za manyazi, ine n'kumukumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo popeza iye mbewa sadya, asafe imfa yake. Ndinatseka makina, ndinamugwira dzanja, tinatsika naye njira ya kukiliniki iye akunditukwana m'Chibemba njira yonse. Anamupeza ndi mudzi waung'ono, anamuuza za kumwa madzi ambiri, kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndi kusiya kukhalitsa m'chimbudzi akudzikakamiza.

Dzulo ndamuona akugula mpukutu wa chibwabwa ndi mapapaya awiri. Ndinakuwa kuchokera pakhonde kuti msika wonse umve: “Mbuya, mnzanu uja ali bwanji?” Anandiponyera chidendene cha nsapato, chinaphonya, n'kugwera m'dengu la makabudula.