Kutsogolo kwa njinga yamoto kukagwedezeka, vuto silikhala kutsogolo nthawi zonse

Pakati pa anthu oyenda maulendo ataliatali pa njinga zamoto zikuluzikulu, monga Honda Gold Wing, BMW RT ndi Harley-Davidson Electra Glide, pali langizo limodzi limene limaperekedwa mofulumira kwa aliyense wodandaula kuti chiwongolero chikugwedezeka akathamanga: akagule steering damper, kashokobu kakang'ono komangidwa pakati pa felemu ndi foloko kuti chiwongolero chisamakhote uku ndi uku mwadzidzidzi. Langizoli ndi lotopetsa kwa makaniko wodziwa ntchito yake, chifukwa limalumpha ntchito yofufuza gwero la vuto, ndipo pa njinga zina chipangizocho chimakulitsa kugwedezeka kumene mwiniwake amafuna kuthetsa.

Gwero la chisokonezo ndi lakuti mitundu iwiri ya kugwedezeka imatchulidwa ngati chinthu chimodzi. M'chaka cha 1971, injiniya wa ku Britain, Robin Sharp, anasonyeza mwa masamu kuti njinga yamoto ili ndi magwedezekedwe ake achibadwa, ndipo awiri mwa iwo ndi amene amavutitsa oyendetsa pamsewu. Woyamba, wotchedwa wobble, ndi kunjenjemera kwa mbali yakutsogolo yokha, kumene tayala, foloko ndi chiwongolero zimapita kumanzere ndi kumanja pafupifupi maulendo 6 mpaka 10 pa sekondi imodzi, liwiro limene manja a munthu sangathe kulitsatira. Kawirikawiri umatulukira pa liwiro lapakati, makamaka pamene woyendetsa wachepetsa moto ndi kumasula manja pa makilomita 60 kapena 80 pa ola, ngakhale kuti bampu ikhoza kuwudzutsa pa liwiro lalikulu. Wachiwiri, wotchedwa weave, ndi kupendekeka ndi kupotokola kwa njinga yonse, kumene kumachitika pang'onopang'ono, maulendo 2 mpaka 4 pa sekondi, ndipo woyendetsa amakumva m'chiuno ndi pampando asanakumve m'manja. Kumeneku kumakula pamene liwiro likukwera. Kafukufuku wa akatswiri a kayendedwe ka njinga anasonyeza kuti kulimbitsa chiwongolero ndi damper kumachepetsa wobble koma kumapatsa mphamvu weave, choncho munthu amene njinga yake imavina pa makilomita 130 pa ola, nagula damper chifukwa choona chiwongolero chikusuntha, akhoza kuwononga ndalama ndi kuwonjezera ngozi nthawi imodzi.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kudziwa chimene chimachititsa tayala lakutsogolo kudziwongola lokha. Mzere wa khosi la chiwongolero ukatalikitsidwa mpaka pansi, umagunda msewu kutsogolo kwa malo amene tayala limaponda, ndipo mpata wa pakati pa malo awiriwa, umene umatchedwa trail, umakhala pafupifupi masentimita 10 pa njinga zambiri. Tayala limakokedwa kumbuyo kwa mzerewo monga mmene kawilo ka trole ya m'sitolo kamatsatira kumene trole ikupita, ndipo likapatutsidwa limabwerera pakati, koma likhoza kupitirira pakatipo, n'kubwereranso. Pa njinga yabwino kugwedezeka kumeneku kumazilala msanga, pamene pa njinga yodwala matayala kapena yolongedwa molakwika kumadzidyetsa kokha mpaka chiwongolero kumenya thanki.

Katundu ndiye chinthu chimene eni njinga safuna kumva. Bokosi lomangidwa pamwamba, kumbuyo kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo, likadzazidwa ndi zinthu zolemera limapepuza tayala lakutsogolo, limatsitsa kumbuyo kwa njinga, komanso limagwira mphepo, ndipo mashokobu akumbuyo akakhala otopa kapena sipuling'i yawo isanalimbitsidwe molingana ndi kulemera kwa wokwera wachiwiri, njinga imataya bata. Nkhani ya Honda ST1300 ya apolisi ku Britain ndi umboni wowawa: wapolisi wina atafa mu 2005 njinga yake itagwidwa ndi weave pa liwiro lalikulu, kafukufuku wa imfayo mu 2007 anadzetsa chenjezo lamphamvu, ndipo nthambi zingapo za apolisi zinasiya kugwiritsa ntchito njinga zimenezo, zimene zinkanyamula zida zambiri zowonjezera. Mfundo zomwezi za katundu zimagwiranso pa njinga ya kabaza yonyamula matumba a chimanga pa kaliyala, kungoti liwiro lake ndi lochepa.

Kufufuza koyenera kumayamba ndi mafunso, osati ndi sipanala. Makaniko ayenera kudziwa liwiro limene vutoli limayambira, ngati limabwera powonjezera moto kapena pochepetsa, ngati limasintha katundu akachotsedwa, ndiponso chimene chinasinthidwa pa njingayo vutoli lisanayambe. Kunjenjemera kumene kumayamba pa liwiro limodzi n'kuchepa liwirolo likapitiriridwa kawirikawiri kumachokera ku wilo limene kulemera kwake sikunalinganizidwe. Kenako amayang'ana matayala onse awiri: mpweya umayezedwa tayala lili lozizira ndi kufanizidwa ndi zimene analemba wopanga njinga, dzanja limayendetsedwa pa tayala lakutsogolo kuti limve ngati mapazi ake adyeka mwa mapiri ndi zigwa, ndipo lakumbuyo limaonedwa ngati laphwatalala pakati chifukwa cha misewu yowongoka. Zaka za tayala zimawerengedwa pa manambala 4 omaliza a chizindikiro cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, pamene 2321 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. N'zokhumudwitsa kuti matayala, amene amayambitsa madandaulo ambiri otere, ndiwo kawirikawiri amayang'anidwa pomalizira.

Mabering'i a khosi la chiwongolero amafuna chidwi chapadera, chifukwa amalakwika mbali zonse ziwiri. Tayala lakutsogolo likanyamulidwa ndi jeke, foloko ikakokedwa kutsogolo ndi kumbuyo siyenera kugogoda, ndipo chiwongolero chikakhotetsedwa pang'onopang'ono sichiyenera kukodwa pakati, chizindikiro chakuti mabering'iwo akumba timaenje pamalo amene amakhalitsa. Akakhala okhwefuka amalola wobble, koma akamangidwa mopitirira muyeso njinga imalephera kudziwongola ndipo imayenda mokhotakhota, ndiye chifukwa chake muyeso wa m'buku la wopanga umaposa kuyerekezera ndi dzanja. Zotsalazo zimayenda mwachangu: mabering'i a mawilo ndi a mkono wogwira tayala lakumbuyo, limu yopindika ndi maenje a mumsewu, masipoko okhwefuka, mafuta a foloko otayika mbali imodzi, ndiponso ngati mawilo awiriwo ali pa mzere umodzi. Chinthu chimodzi chokha chimasinthidwa pa nthawi, njinga n'kuyesedwanso mosamala, apo ayi palibe amene angadziwe chimene chathandiza.

Izi sizikutanthauza kuti damper ilibe ntchito. Pa njinga zothamangitsana, zimene tayala lakutsogolo limanyamuka powonjezera moto n'kutera chokhota, chipangizochi n'chofunika, ndipo Honda inaika damper yoyendera magetsi pa CBR1000RR ya 2004, imene imalimba kapena kufewa malinga ndi liwiro. Damper yoikidwa ndi wopanga ndi mbali ya kapangidwe ka njinga, pamene yoikidwa pofuna kubisa tayala lodyeka imangochedwetsa tsiku la ngozi.

Kugwedezeka kukayamba pamsewu, palibe njira yotsimikizika, koma aphunzitsi ambiri amagwirizana kuti woyendetsa asaumitse mikono polimbana ndi chiwongolero, apane thanki ndi mawondo, aweramire kutsogolo, ndipo achepetse moto pang'onopang'ono popanda kugwira mwamphamvu buleki yakutsogolo. Njinga ikakhazikika, afinye bulekiyo kangapo asanaidalire, chifukwa kugwedezeka kwamphamvu kumatha kukankhira mapadi kutali ndi disiki, kenako aime pambali ndi kuyeza mpweya wa matayala.